KUKONZA PULOGALAMU YA KOMPYUTA POSASINTHA NCHITO YACE

Pa mudzi uli wonse imafika nthawi yakuti nkhokwe yakale yayamba kupendeka. Mitengo ya pansi yadyedwa ndi ciswe, tsindwi lirikudontha, ndipo makoswe apeza polowera. Mwini nkhokwe wanzeru sayembekeza kuti igwe. Amadula mitengo yatsopano, nailowetsa umodzi umodzi m'malo mwa yobvunda ija, nafolera tsindwi ndi udzu wabwino. Nchito ikatha, cimanga ciri m'katimo ndi comwe cija: sicinaonjezeke, sicinacepe. Cimene casintha ndi cakuti nkhokwe yalimba, ndipo amai akhoza kutapa cimanga osaopa kuti iwagwera.

Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ali nayo nchito yofanana ndi imeneyi. M'Cingerezi amaicha refactoring. Tanthauzo lace ndi ili: kukonza kalembedwe ka m'kati mwa pulogalamu kuti kamveke bwino, koma osasintha zimene pulogalamuyo imacita. Kale nchito yonseyi inali kucitika pamanja. Masiku ano ziripo zipangizo za m'kompyuta momwemo zimene zimathandiza munthu kuicita msanga ndi mosamala. M'phunziro lino tidzaona cifukwa cace nchitoyi ifunika, umo zipangizozo zimagwirira nchito, amene anaziyamba, ndi pamene mphamvu yace ithera.

Pulogalamu n'ciani?

Kompyuta imatsata malamulo amene munthu wailembera, limodzi pambuyo pa linzace, monga momwe analembedwera. Malamulo amenewa, ataikidwa pamodzi m'dongosolo lace, ndiwo pulogalamu. Pamene atate anu atumiza ndalama pa foni kwa agogo kumudzi, pulogalamu ndiyo imacotsa ndalamazo pa dzina la atate ndi kuziika pa dzina la agogo. Ikalakwa pang'ono pokha, ndalama zipita kwa munthu wina, kapena agogo alandira zopereŵera.

Mapulogalamu amalembedwa m'zinenero zaozao, monga Java, Python, C ndi JavaScript. Zinenero zimenezi ziri ndi malamulo a kalembedwe monga Cinyanja ciri nao, koma ao ndi okhwima koposa, pakuti cilembo cimodzi colakwika cikhoza kuimitsa nchito yonse. Zolembedwazo zimachedwa code, ndipo zimakhala m'mizere monga momwe inu mumalembera masamu m'kope.

Mapulogalamu ena ndi aakulu ndithu. Pulogalamu yochedwa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland m'caka ca 1991, ndiyo maziko a mafoni a Android, ndipo tsopano iri ndi mizere yoposa 30 miliyoni. Tsamba limodzi la kope lanu likakhala ndi mizere 30, pangafunike masamba oposa 1 miliyoni kuti mukopere zonsezo. Palibe munthu angathe kusunga zotere m'mutu mwace. Pulogalamu yotere imalembedwa ndi anthu zikwi zambiri, ndipo ambiri a iwo sanaonanepo maso ndi maso. Cifukwa cace tsono, wolemba pulogalamu salembera kompyuta yokha ai. Amalemberanso munthu mnzace amene adzawerenga mizereyo zaka zirikudza.

Umo pulogalamu imasokonezekera

Pulogalamu siikhala monga momwe inalembedwera tsiku loyamba. Eni ace amafuna kuti icite zinthu zatsopano; zolakwa zimapezeka ndi kukonzedwa; olemba akale amacoka, nabwera ena. Kawirikawiri nchito imacitika mofulumira, pakuti wogula alikuyembekeza. Munthu wofulumira amapatsa zinthu maina osamveka, amakopa mizere ya pamwamba ndi kuilembanso pansi, ndipo amasiya zigawo zakale zimene sizigwiranso nchito, nati, "Ndidzazicotsa mawa." Mawalo silifika.

Pakapita zaka, pulogalamuyo imagwirabe nchito, koma kuisintha kumakhala kobvuta. Nchito imene ikadatenga ola limodzi imatenga sabata, cifukwa wolemba watsopano ayenera kuyamba wafufuza tanthauzo la mzere uli wonse. M'caka ca 1992 katswiri wina wa ku America, Ward Cunningham, anayerekeza zimenezi ndi ngongole. Kulemba mofulumira kuli monga kukongola ndalama: lero wathandizika, koma ciongoladzanja cirikukula mwezi ndi mwezi kufikira utabweza. Kukonza kalembedwe ka pulogalamu ndiko kubweza ngongoleyo.

Mitundu itatu ya kukonza

Njira za kukonza ziripo zambiri, koma tiyeni tione zitatu zimene zimacitika tsiku ndi tsiku.

Yoyamba ndiyo kusintha dzina. Taonani mizere iwiri iyi:

x = 60 + 72 + 48
y = x ÷ 3

Kompyuta idzapeza kuti x ndi 180, ndipo y ndi 60. Yankho ndi loona, koma kodi x n'ciani? Ndi mbuzi, ndi makwaca, kapena ndi matumba a cimanga? Wowerenga sangadziwe. Tsopano taonani mizere yomweyo itakonzedwa:

malikisi_onse = 60 + 72 + 48
avereji = malikisi_onse ÷ 3

Yankho likali 60, koma tsopano ali yense aona kuti nkhani ndi ya malikisi a wophunzira pa mayeso atatu. Kompyuta siinapindule kanthu. Wapindula ndi munthu.

Yaciwiri ndiyo kupatula cigawo. Tinene kuti pulogalamu ya sukulu imapeza avereji m'malo asanu osiyana, ndipo mizere yopezera avereji inalembedwa kasanu. Tsiku lina papezeka colakwa m'mizereyo. Wokonza ayenera kukumbukira malo onse asanu. Akaiwala amodzi, ana ena adzalandira malikisi olakwika. Njira yabwino ndiyo kulemba mizereyo kamodzi kokha pa malo ace, kuipatsa dzina lakuti pezani_avereji, ndipo m'malo asanu aja kungoitana dzinalo. Pamenepo colakwa cikapezeka cimakonzedwa pamodzi pokha.

Yacitatu ndiyo kucotsa zigawo zakufa, ndiko kunena mizere imene palibenso cigawo cina ciri conse cimene cimaiitana. Mizere yotere iri monga mbuna yakale imene udzu wamera pamwamba pace. Zaka zambiri siibvuta munthu, koma tsiku lina wina adzapondapo.

Cifukwa cace kukonza pamanja kuli koopsa

Mwina wina wa inu anganene kuti, "Kusintha dzina sikubvuta. Kompyuta iri nayo kale njira yofunira mau ndi kuikapo ena m'malo mwace." Zoonadi njirayo iripo, koma imaona zilembo zokha, siidziwa tanthauzo. Tiyeni tiyese m'Cinyanja. Tiri ndi ciganizo ici:

Ana anapita kusukulu, koma mwana mmodzi anayamba kukana.

Tinene kuti tifuna kusintha mau akuti ana kuti akhale ophunzira. Tikauza kompyuta kuti pali ponse pamene ipeza zilembo a, n, a zotsatana iikepo ophunzira, idzatilembera izi:

Ophunzira ophunzirapita kusukulu, koma mwophunzira mmodzi ophunzirayamba kukophunzira.

Mungaseke, koma colakwa cotere cikalowa m'pulogalamu yosunga ndalama za anthu palibe amene angaseke.

Liripo bvuto laciwiri. M'sukulu imodzi mukhoza kukhala anyamata awiri a dzina limodzi, wina m'kalasi ili, wina m'kalasi lina. Mmodzi akasintha dzina lace, mlembi ayenera kukonza kaundula wa kalasi limodzi lokha. Akasintha onse awiri, walakwira mnyamata winayo. M'pulogalamu namonso dzina limodzi, monga x, likhoza kukhala m'zigawo makumi ambiri, ndipo m'cigawo ciri conse likutanthauza cinthu cina.

Bvuto lacitatu ndi lakuti dzina latsopano limene mwasankha lingakhale kuti liri kale ndi mwini wace m'cigawo comweco. Pamenepo zinthu ziwiri zidzakhala ndi dzina limodzi pa malo amodzi, ndipo kompyuta idzakana kugwira nchito, kapena, cimene ciri coipa koposa, idzatenga cinthu colakwika mwakacetecete.

Umo cipangizo cimagwirira nchito

Olemba mapulogalamu amalembera m'pulogalamu ina yaikulu imene iri monga nyumba ya mmisiri, momwe muli zida zace zonse pamodzi. M'menemo ndimo mumakhala cipangizo cokonzera. Cimene cimasiyanitsa cipangizoci ndi njira yofuna zilembo ija ndi cakuti ico cimadziwa malamulo a cinenero.

Kumbukirani zimene mumacita m'phunziro la Cinyanja pamene mphunzitsi akuuzani kuti mugawe ciganizo. Mumati, "Ana ndi dzina, anapita ndi mneni." Mukatero simungasokoneze mau awiriwo, ngakhale ayamba ndi zilembo zofanana. Cipangizo naco cimayamba ndi kugawa. Cimawerenga pulogalamu yonse ndi kuiyala monga mtengo: thunthu ndilo pulogalamu yonse, nthambi zazikulu ndizo zigawo zace, nthambi zazing'ono ndiyo mizere, ndipo masamba ndiwo maina ndi manambala. Pa dzina liri lonse cimalemba kumene linabadwira, ndiko kunena mzere umene unaliyambitsa. Cotero cimadziwa kuti x wa m'cigawo ici ndi x wa m'cigawo ico sali pa cibale.

Tsono munthu akasankha dzina nadina batani losinthira, cipangizo cimacita zinthu izi motsatana. Coyamba, cimafuna malo onse amene dzinalo lagwiritsidwa nchito, ndi kusiya maina ena ofanana nalo amene ali a mwini wina. Caciwiri, cimayesa ngati kusinthako kuli kololeka: kodi dzina latsopano litsata malamulo a cinenero? Kodi liribe kale mwini pa malo amenewo? Cikapeza cobvuta cimaima ndi kucenjeza munthuyo, cisanakhudze kanthu. Cacitatu, munthu akafuna, cimamuonetsa mndandanda wa mizere yonse imene idzasintha, kuti aione ndi maso ace. Cacinai, akabvomera, cimasintha malo onsewo nthawi imodzi, angakhale ali mazana ambiri. Ndipo akaona kuti walakwa, akhoza kubweza zonse monga zinaliri.

Popatula cigawo, cipangizo ciri ndi nchito yoposa pamenepa. Ciyenera kupeza zinthu zimene mizere yosankhidwayo ifuna kulandira kuti igwire nchito, ndi cimene iyenera kubweza ikatha. M'citsanzo cathu cija, cigawo ca pezani_avereji ciyenera kulandira malikisi atatu ndi kubweza nambala imodzi. M'cinenero monga Java cigawo cimabweza cinthu cimodzi cokha. Cotero mizere yosankhidwayo ikakhala kuti imasintha zinthu ziwiri zimene zifunika patsogolo, cipangizo cimacenjeza munthu kuti sizingatheke mwa njira wamba. Pocotsa cigawo cakufa, cimayamba cafufuza ngati palibedi amene amaciitana.

Mwa zonsezi cacikulu ndi caciwiri cija, kuyesa usanasinthe. Mmisiri wabwino sacotsa mtengo wa nkhokwe asanaone cimene mtengowo wanyamula.

Amene anayamba nchitoyi

Olemba mapulogalamu anali kukonza zolemba zao kuyambira kale, koma kuphunzira nchitoyi mwadongosolo kunayamba m'masukulu aakulu a ku America. M'caka ca 1990 William Opdyke ndi mphunzitsi wace Ralph Johnson, a pa Yunivesite ya Illinois, analemba nkhani imene munali mau akuti refactoring. M'caka ca 1991 William Griswold, pa Yunivesite ya Washington, anatsiriza maphunziro ace pa za kusanja pulogalamu ndi cipangizo posasintha tanthauzo lace. M'caka ca 1992 Opdyke anatsiriza ace, ndipo m'menemo anafotokoza zinthu zimene ziyenera kuyesedwa mtundu uli wonse wa kukonza usanacitike.

Pambuyo pace anthu ena awiri a ku Illinois komweko, John Brant ndi Don Roberts, anapanga cipangizo cochedwa Refactoring Browser ca cinenero ca Smalltalk, nalemba za ico m'caka ca 1997. Cimeneci cinaonetsa anthu kuti maganizo a m'mabuku aja akhoza kuthandiza munthu pa nchito yace ya tsiku ndi tsiku.

M'caka ca 1999 Martin Fowler, wobadwira ku England, anatulutsa buku lochedwa Refactoring, mothandizana ndi Kent Beck, Brant, Opdyke ndi Roberts. M'bukumo anaika mndandanda wa njira zambiri za kukonza, iri yonse ndi dzina lace ndi masitepe ace, ndipo zitsanzo zinali za m'cinenero ca Java. Bukulo linafalitsa nkhaniyi m'maiko ambiri, ndipo linatulukanso lokonzedwa m'caka ca 2018 ndi zitsanzo za JavaScript.

M'caka ca 2001 kunatuluka nyumba ziwiri za mmisiri zochuka za olemba Java. Ina ndi IntelliJ IDEA, yopangidwa ndi kampani imene tsopano ichedwa JetBrains, imene inayambira mu mzinda wa Prague. Inzace ndi Eclipse, imene inacokera ku kampani ya IBM ndi kuperekedwa kwaulere. Zonse ziwiri zinali ndi zipangizo zokonzera. Kampani ya Microsoft inaika zotere mu Visual Studio 2005 za cinenero ca C#, ndipo m'caka ca 2015 inatulutsa Visual Studio Code, m'mene munthu amasintha dzina podina batani la F2. Nchito imene inali ya akatswiri owerengeka inafika motero m'manja mwa wophunzira ali yense amene ali ndi kompyuta.

Tsoka la pa 1 August 2012

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tamvani zimene zinagwera kampani ina ya ku America yochedwa Knight Capital. Nchito yace inali kugula ndi kugulitsa masheya, ndiwo magawo a makampani, pa misika ya ku New York, ndipo makompyuta ndiwo anali kutumiza maoda ace.

M'pulogalamu yao munali cigawo cakale cochedwa Power Peg. Anasiya kucigwiritsa nchito m'caka ca 2003, koma sanacicotse. M'caka ca 2005 anasuntha mizere imene inali kuwerenga masheya ogulidwa kale, naiika pa malo ena m'pulogalamumo. Mizere imeneyo ndiyo inali kuuza Power Peg kuti oda yakwanira, ileke. Atasuntha, sanayese ngati cigawo cakale cija cikali kugwira bwino nchito, popeza cinali cosagwiritsidwa nchito.

Panapita zaka 7. M'caka ca 2012 analemba cigawo catsopano, ndipo cizindikiro codzutsira cigawoco anatenga comwe cija cimene kale cinali kudzutsa Power Peg. Pulogalamu yatsopano inayenera kuikidwa m'makompyuta 8, koma wanchito wina anaiika mu 7 okha. Mmawa wa pa 1 August, msika utatsegulidwa, cizindikiro cija cinafika pa kompyuta yacisanu ndi citatu ndi kudzutsa cigawo cakufa cija. Popeza panalibe cociuza kuti cileke, cinatumiza maoda osaleka. M'mphindi ngati 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 400 miliyoni, ndipo caka cotsatira inaphatikizidwa ndi kampani ina.

Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Zimene zinasiyidwa mu 2003 ndi mu 2005 zinapweteka anthu a mu 2012. Zolakwa zinalipo zingapo tsiku limenelo, koma zitatu zikhudza phunziro lathu: cigawo cakufa sicinacotsedwe, mizere inasunthidwa popanda kuyesa zonse zimene zinali kuidalira, ndipo cizindikiro cimodzi cinapatsidwa matanthauzo awiri.

Pamene mphamvu ya cipangizo ithera

Musaganize kuti cipangizo cimaona zonse. Cimaona zokhazo zimene ziri m'mtengo umene cinayala. Nthawi zina pulogalamu imapanga dzina pamene irikugwira nchito, polumikiza mau awiri. Dzina lotere silinalembedwe lathunthu pa mzere uli wonse, cotero cipangizo sicingalipeze. Nthawi zina dzinalo limaitanidwa ndi pulogalamu ya anthu ena, a ku dziko lina, imene cipangizo sicinaiwerengepo. Mukalisintha kwanu kuno, kwao nchito iima.

Zinenero nazo zisiyana. Mu Java wolemba amanena poyera mtundu wa zinthu, kuti ici ndi nambala, ico ndi mau, ndipo cipangizo cimapeza pogwira polimba. Mu Python kutero sikokakamiza, cotero nthawi zina cipangizo sicingatsimikize ngati maina awiri ofanana ali a cinthu cimodzi, ndipo munthu ayenera kupenyetsetsa mndandanda uja asanabvomere.

Komanso cipangizo sicidziwa dzina labwino. Cikhoza kusintha x m'malo 500 popanda kuphonya, koma ngati munthu wasankha dzina losamveka, cidzalilemba m'malo onse 500 mokhulupirika. Kusankha cimene ciyenera kukonzedwa, ndi cifukwa cace, ndi nchito ya munthu.

Ndiponso si onse amene amagwiritsa nchito zipangizozi. M'caka ca 2009 Emerson Murphy-Hill, Chris Parnin ndi Andrew Black anafalitsa zimene anapeza atafufuza kagwiridwe ka nchito ka olemba mapulogalamu ambiri. Anapeza kuti pa kukonza kuli konse 10, pafupifupi 9 kunacitika pamanja, ngakhale cipangizo cinalipo. Ena sadziwa kuti ciripo, ena sacikhulupirira. Khasu lokhala pa khonde silipalira munda.

Kuyambira m'caka ca 2021 kwabweranso othandiza a mtundu wina, monga GitHub Copilot, amene anaphunzitsidwa powerenga mapulogalamu oculuka zedi. Munthu amawauza m'mau wamba cimene afuna, ndipo iwo amalemba mizere yatsopano. Akhoza kupereka maina abwino ndi kukonza zinthu zimene zipangizo zakale sizikadatha. Koma iwo amalemba cimene cioneka coyenera, osatsata malamulo okhazikika a kuyesa usanasinthe aja. Cotero akhoza kusintha nchito ya pulogalamu mosadziwa, ndipo zolemba zao zifuna kuwerengedwa ndi kuyesedwa mosamala.

Mayeso a pulogalamu

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti cimanga ca m'nkhokwe cikali comwe cija? Amaciyesa asanayambe nchito, naciyesanso atatsiriza. Olemba mapulogalamu amalemba timapulogalamu tating'ono tochedwa mayeso. Kali konse kamapatsa pulogalamu funso limene yankho lace lidziwika kale. Pa cigawo cathu ca avereji mayeso angakhale awa: 60, 72 ndi 48 ziyenera kupereka 60, 50, 50 ndi 50 ziyenera kupereka 50, 0, 0 ndi 90 ziyenera kupereka 30. Kompyuta ikhoza kuyendetsa mayeso mazana ambiri m'kanthawi kocepa.

Wokonza wanzeru amatsata dongosolo ili. Amayendetsa mayeso, naona kuti onse akhoza. Amasintha cinthu cimodzi cacing'ono. Amayendetsanso mayeso. Akakhoza, amapita pa cina. Akalephera, adziwa kuti colakwa ciri m'cinthu cimodzi cimene wangosintha, ndipo amacibweza. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Wosintha zinthu makumi awiri nthawi imodzi sadzadziwa cimene caononga.

Liripo lamulo linanso: pokonza kalembedwe usaonjezere nchito yatsopano nthawi yomweyo. Kent Beck anayerekeza zimenezi ndi zipewa ziwiri, cina cokonzera, cina coonjezera. Munthu abvale cimodzi pa nthawi imodzi. Pakuti ngati mukonza nkhokwe ndi kuthiramo cimanga catsopano tsiku lomwelo, simudzadziwa ngati cakale cinatayika.

Mau otsiriza

Ena a inu mudzakhala olemba mapulogalamu, ndipo ndalama za anthu, malikisi a ana asukulu, ndi makalata a odwala m'zipatala zidzadalira mizere imene mudzalemba. Cizolowezi cofunika pa nchito imeneyo mukhoza kuciyamba lero lomwe, ngakhale mulibe kompyuta. Polemba masamu, lembani pambali pa nambala iri yonse cimene iimira. Mukapeza njira yaifupi yopezera yankho, yesani ngati ipereka yankho lomwe lija la njira yaitali. Mukafafaniza, fafanizani bwino, kuti wowerenga asatenge cakale m'malo mwa catsopano. Ndipo mukatsiriza, mupatse mnzanu kope lanu. Akamvetsa popanda kukufunsani, mwalemba bwino.

Mafunso

1. Fotokozani m'mau anuanu tanthauzo la refactoring. Cimasintha n'ciani, ndipo cosasintha n'ciani?
2. Cifukwa ninji Ward Cunningham anayerekeza kulemba mofulumira ndi ngongole?
3. Chulani mitundu itatu ya kukonza imene mwawerenga, ndi phindu la uli wonse.
4. Lembani ciganizo ici mutasintha zilembo a, n, a pali ponse kuti zikhale ophunzira: Ana anaona mwana wa mfumu. Cifukwa ninji cipangizo cokonzera sicilakwa motere?
5. Chulani zinthu zinai zimene cipangizo cimacita posintha dzina.
6. Ndi zolakwa zitatu ziti za ku Knight Capital zimene zikhudza phunziro lino?
7. Mizere iyi imapeza mtengo wa makope 4 a K5 liri lonse: a = 4, b = 5, c = a × b. Ilembeninso ndi maina omveka, ndipo onetsani kuti yankho silinasinthe.